Anthu 36 m'chipinda: m'mene bwana wa FAM amasankhidwira

Pa 16 Disembala 2023 ku Mzuzu, pa chisankho cha pulezidenti wa Football Association of Malawi (FAM), bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, Fleetwood Haiya anapeza mavoti 23, Walter Nyamilandu 13, ndipo ulamuliro wa Nyamilandu wa zaka 19 unathera pomwepo. Chosangalatsa nchoti zaka zinayi m'mbuyomo, mu Disembala 2019 ku Mangochi, zotsatira zinali zomwezo ndendende, 23 kwa 13, kungoti ulendo umenewo 23 anali a Nyamilandu pomwe 13 anali a James Mwenda amene anali wachiwiri wake. Mukaphatikiza mupeza 36. Anthu ake ndi amenewo basi. Mpira wonse wa dziko lino, kuyambira Flames, Scorchers, Super League mpaka timu ya anyamata a ku Jali yoseweretsa mpira wosokasoka, mwini mpando wake amasankhidwa ndi anthu amene mutha kuwakweza mu kosita imodzi ena n'kukhala pa injini.

Nde ndimamva chisoni pang'ono Flames ikaluza, anthu akutuluka mu vidiyo sho pa Chinamwali kapena pa Mpondabwino atakwiya, wina n'kumakuwa kuti aise amenewa tidzaonana nawo pa chisankho. Chisankho chake chiti achimwene? Inuyo mulibe voti. Ine ndilibe. Wa kabaza amene amasunga 2 pin sabata yonse kuti akaonere gemu alibe, olo kaputeni wa Flames weniweniyo alibe. Ndipo apa palibe amene wakuberani, malamulo ake ndi otero kuyambira kale, kungoti ambiri sitinawafunsepo.

FAM si nthambi ya boma ngati m'mene ena amaganizira. Inakhazikitsidwa mu 1966 ngati bungwe loyima palokha, ndipo mamembala ake si anthu ayi koma mabungwe ena ang'onoang'ono, aja atolankhani amawatchula kuti ma afiliyeti. Pa chisankho cha 2023 analipo 9. SULOM, amene amayendetsa Super League, anali ndi mavoti 8. Mabungwe a m'zigawo zitatu, kummwera, pakati ndi kumpoto, lililonse mavoti 6, onse pamodzi 18. Ndiye panatsala asanu, la mpira wa amayi, la achinyamata, la makochi, la oyimbira ndi la mpira wa pamchenga, lililonse mavoti awiri. Kuti munthu awine amafunika kupyola theka, kutanthauza 19.

Tayimani kaye pa masamu amenewa chifukwa nkhani yonse yagona apa. Mabungwe asanu ang'onowo anali ndi mavoti 10, kuposa SULOM yonse ndi matimu ake 16. Mpira wa pamchenga umene ambiri kuno ku Zomba sitinauonepo ndi maso pokhapokha titapita ku Mangochi kapena ku Salima, unali ndi mavoti awiri, pomwe Bullets ndi Wanderers, matimu amene amadzadza Kamuzu Stadium mpaka anthu kukwera m'mitengo, analibe voti yawoyawo ngati kalabu, mawu awo amadutsira mu SULOM limodzi ndi ena onse. Munthu wochenjera safunika kukondedwa ndi masapota a Bullets kuti awine. Pa masamu a 2023, akagwira zigawo ziwiri ndi mabungwe ang'ono anayi ali pa 20, gemu yatha, SULOM ilire isalire. Ena amati izi nzabwino chifukwa zimateteza mpira wa kumudzi kuti usamezedwe ndi matimu olemera a ku Blantyre ndi Lilongwe, ndipo pali chilungamo pamenepo, sindikana. Koma zimapangitsanso kuti munthu amene akuyimira gulu la anthu ochepa kwambiri akhale ndi mphamvu yoti pulezidenti amuyimbire foni yekha usiku kumufunsa ngati ana adzuka bwino.

Tsono anthu 36 amenewa amachokera kuti? Apa mpamene ambiri timagona tulo. Chisankho cha FAM chimakhala chomaliza pa mndandanda wa zisankho zina zambiri zimene palibe wailesi imazilengeza mokweza. Ma afiliyeti amayamba apanga zawo. Mabungwe a m'zigawo amasankhidwa ndi nthumwi za m'maboma komanso za matimu a m'ligi zawo, ndipo m'maboma namonso muli makomiti amene amasankhidwa ndi matimu ang'onoang'ono aja. Wina akawina upampando wa chigawo, ndi komiti yake imene imakhala ndi mawu pa nkhani ya amene apite kukavota. Ndiye pofika Disembala, wodziwa kuwerenga amakhala atadziwa kale mbali imene mphepo ikuwombera. Haiya yemweyo anayamba wawina upulezidenti wa SULOM mu Febuluwale 2023, miyezi khumi chisankho cha FAM chisanafike, ndipo amene amatsatira zinthu anadziwa pomwepo kuti uku kukubwera nkhondo, pomwe enafe tinkangoti ndi nkhani ya ligi.

Taonani mkulu wina wa ku Songani, sinditchula dzina, ali ndi kashopu ka hadiweya komanso timu. Yunifomu anagula pa kaunjika, majezi a mtundu umodzi koma manambala ena anachita kulemba ndi penti. Loweruka lililonse amahaya kalole ka 2 tani, anyamata kumbuyo, iye kutsogolo ndi chikwama cha makadi a osewera, akafika amalipira oyimbira, amagula madzi a m'mapepala ndi malalanje, gemu ikatha aliyense amufuna ya sopo. Fizi ya kulembetsa timu amalipira ndi ndalama ya simenti ya kasitomala n'kudzabweza mwezi ukatha. Munthu ameneyu ndiye ali pafupi ndi voti ya FAM kuposa tonsefe ophatikiza, chifukwa timu yake ili m'kaundula ndipo akaitanidwa ku msonkhano wa boma amakweza dzanja. Koma funsani ngati amapita. Nthawi zambiri amatuma mnyamata wosunga mipira, kapena sapita n'komwe poti tsiku lake ndi la msika ndipo thiransipoti ndi yake. Amene apitawo, anthu khumi ndi angapo pa mabenchi a mkalasi ya pulayimale, amasankhana okhaokha mwachangu kuti akapeze basi, ndipo unyolo wopita ku Chiwembe, kumene kuli likulu la FAM, wayambira pomwepo.

Kuti munthu ayime nawo pa upulezidenti sangodzuka n'kulengeza pa Facebook. Amafunika afiliyeti imodzi kapena zingapo imutchule dzina polemba kalata, ndipo izi zokha zimagwetsa anthu ambiri asanayambe n'komwe, chifukwa afiliyeti imene yatchula wopikisana ndi bwana amene ali pampando ikudziwa kuti akaluza zaka zinayi zikubwerazo zikhala zozizira. Mayina akapita, pali komiti yoyendetsa chisankho imene imayenera kukhala yoyima payokha, imaunika ngati munthu wakwanitsa zofunika, ngati wakhala akuchita za mpira kwa nthawi yokwanira, ngati alibe milandu yomuipitsa mbiri, mapepala ake ali bwino. Amene wakanidwa amakadandaula ku komiti ina ya apilu. Akakanidwanso kumeneko, njira imene malamulo a mpira amalola si ya ku High Court pa Zomba apa ayi, ndi khoti la zamasewero lotchedwa CAS limene lili ku Lausanne ku Switzerland, ndipo kungoganiza za maloya ake ndi ndalama zakunja ambiri amangoti basi Mulungu akudziwa. FIFA imadana kwambiri ndi zotengera nkhani za mpira ku makhoti wamba. M'maiko ambiri a mu Africa muno nkhondo yeniyeni imachitikira pa siteji imeneyi, yochotsana pa mndandanda, moti tsiku lovota limafika munthu atatsala yekha. Funso loti komiti yoyendetsa chisankhoyo anaisankha ndani, liti, ndi lofunika kuposa manifesito onse.

Manifesitowo alipo ndithu, amakhazikitsidwa ku hotela, ma banner, ma T-shirt, atolankhani, mawu okoma a mpira wa ana, mabwalo m'boma lililonse, ndalama zochuluka ku ligi. Sindikunena kuti ndi bodza lonse. Koma kampeni imeneyo ndi ya ife oonerera, kuti tiziyimba mafoni pa mapulogalamu a zamasewero n'kumakangana. Kampeni yeniyeni ndi ya munthu mmodzimmodzi, chifukwa ovota 36 utha kuwadziwa onse mayina, kwawo, ntchito zawo, amene mwana wake akudwala ndi amene akufuna mpando mu komiti. Wa makochi akufuna makosi a laisensi ya CAF, bungwe la mpira la mu Africa, abwere pafupipafupi, wa oyimbira akufuna malipiro awo asamachedwe, wa chigawo akufuna sabuvenshoni ikwere komanso galimoto. Zambiri mwa izi ndi zopempha zabwinobwino za mpira. Zina ndi za m'thumba, ulendo wotsogolera timu kunja, alawansi ya madola, udindo wa machi komishonala. Ndipo chisankho chilichonse chikayandikira mphekesera za ma envulopu ndi zosunga nthumwi ku malo ogona mafoni atazimitsa zimamveka, mbali iliyonse kuloza inzake. Kunja zinagwidwapo poyera. Mu 2011 Mohamed bin Hammam wa ku Qatar amafuna kupikisana ndi Sepp Blatter pa upulezidenti wa FIFA, ndipo nkhani inaphulika yoti akuluakulu a mpira a ku Caribbean anapatsidwa ma envulopu a madola 40,000 aliyense, mpaka mkuluyo anachoka pa mpikisano. Ovota akachepa mtengo wa voti imodzi umakwera, koma ndalama yonse yofunika kuti ugule chisankho imatsika, vuto lake ndi limenelo.

Chimene chimapulumutsa zinthu pang'ono ndi chinsinsi cha voti. Tsiku lake nthumwi zimaitanidwa mmodzimmodzi, afiliyeti ndi afiliyeti, munthu amalandira pepala, amalowa mokabisala muja, n'kuponya m'bokosi pamaso pa onse, oyang'anira ochokera ku FIFA ndi CAF ali pompo. Kenako amakhuthula n'kuwerenga mokweza. Mkati mwa kachipinda kaja kalata ya afiliyeti ija ilibe ntchito. Munthu atha kudya za uyu, kuvala T-shirt ya uyu, kuvina nawo usiku wonse, n'kukachonga winayo. Ndichifukwa chake amene amawerenga makalata otchula mayina n'kumati tawina kale nthawi zina amatuluka m'holo maso ali gwa, akuyang'ana anzawo amene anagona nawo loji imodzi kuti kodi Yudasi ndi uti. Ndipo sikuti amavotera pulezidenti yekha, pali achiwiri ake awiri ndi mamembala a komiti yaikulu, kotero anthu amayenda m'magulu, iwe undipatse mavoti a chigawo chako ine ndikupatsa wachiwiri. Mipando imeneyi imagawidwa moyang'ananso zigawo, zimene aliyense amakana pagulu koma aliyense amazidziwa.

Nanga chimene amalimbirana nchiyani, poti timamva kuti mpira wa ku Malawi ndi wosauka? Wosauka ndi wosewera. Ofesi siyosauka kwenikweni. Kudzera mu pulogalamu ya FIFA Forward, pa zaka za 2023 mpaka 2026 bungwe lililonse mwa mamembala 211 a FIFA litha kulandira mpaka madola 8 miliyoni, 5 miliyoni yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku ndi 3 miliyoni ya zitukuko ngati mabwalo, ndipo maiko osauka ngati ife amawonjezeredwa ina ya maulendo ndi zipangizo. Sinthani imeneyo mu makwacha a lero muone. CAF nayo imapereka yake, kuphatikiza masiponsa a makapu ndi gawo la ndalama za pageti. Ndalama za FIFA zimabwera ndi ma odita ake, sizongotapa, koma amene ali pampando ndi komiti yake ndi amene amanena kuti bwalo limangidwe kuti, kosi ichitikire kuti, mipira ipite boma liti. Mpira Village ndi Mpira Stadium ku Chiwembe zinamangidwa ndi thandizo la FIFA. Nde wolamula akamayenda m'zigawo kugawa mipira ndi mayunifomu chaka cha chisankho, muziti ndi chitukuko kapena kampeni? Zonse ziwiri, ndipo wotsutsa alibe choti angagawe chofanana nacho pokhapokha alowe m'thumba mwake.

Palinso makwerero opita kumwamba. Ku FIFA dziko lililonse lili ndi voti imodzi, Malawi ndi Brazil chimodzimodzi, ndipo Africa yokha ili ndi mavoti 54, choncho pulezidenti wa FAM ndi munthu amene akuluakulu a FIFA ku Zurich ndi a CAF ku Cairo amamudziwa dzina. Mu 2018 Nyamilandu anawina mpando mu FIFA Council atagonjetsa Danny Jordaan wa ku South Africa, munthu amene anatsogolera zokonza World Cup ya 2010. Mpandowo unatsala opanda munthu Kwesi Nyantakyi wa ku Ghana atagwa ndi nkhani ya ziphuphu imene mtolankhani Anas Aremeyaw Anas anajambula mobisa. Nyamilandu anakhalapo mpaka 2021. Kwa Mmalawi kufika pamenepo sichinali chinthu chaching'ono, ngakhale amene samamukonda anavomereza, ndipo zikusonyeza kuti mpando wa ku Chiwembe ndi khomo lolowera m'zipinda zimene olo nduna ya zamasewero siyilowa.

Tikatchula nduna, funso limene limabwera nthawi zonse ndi loti bwanji boma osangowachotsa anthuwa zikavuta. Silingathe, kapena tinene kuti litha koma mtengo wake ndi wowawa. Malamulo a FIFA amati bungwe lililonse liziyendetsa zinthu zake popanda kulowereredwa ndi wina wakunja, ndipo boma ndiye wakunja woyamba. Anzathu a ku Zimbabwe anayesa, bungwe la boma loona zamasewero linayimitsa komiti ya ZIFA kumapeto kwa 2021, ndipo mu Febuluwale 2022 FIFA inawatseka, tsiku limodzi ndi Kenya imene nduna yake inachotsanso komiti. Kenya anaitsegulira mu Novembala chaka chomwecho koma Zimbabwe inakhala kunja mpaka Julayi 2023, ndipo maiko onse awiri sanasewere nawo magemu opitira ku AFCON ya ku Ivory Coast. Ukatsekedwa palibe timu ya dziko, palibe kalabu yopita ku CAF, oyimbira ako sayitanidwa kunja, ndalama za FIFA zimayima. Zimbabwe atatsegulidwa FIFA inayika komiti yongogwirizira, ndipo anadzasankha pulezidenti wawo, Nqobile Magwizi, mu Januwale 2025. Amene anavutika zaka zonsezo ndi osewera, ena msinkhu wawo wabwino unathera pakhomo.

Apa ine ndili ndi mbali. Lamulo loletsa boma ndi lofunika, chifukwa popanda ilo chipani chilichonse cholowa m'boma chikanamaika kadeti wake ku FAM ndipo timu ya dziko ikanamasankhidwa ku msonkhano wa chipani. Koma lamulo lomweli lasanduka chishango chobisalira. Flames ikamapita kunja ndalama zambiri zimachokera ku boma kudzera ku Malawi National Council of Sports, kutanthauza msonkho wa mayi wogulitsa tomato mu msika wa Zomba. Mabwalo akuluakulu ndi a boma ndi makhonsolo, Bingu National Stadium imene inatsegulidwa mu 2017, Kamuzu Stadium, ndi sitediyamu yathu ino ya Zomba imene tinaidikira zaka ndi zaka pamalo pa Community ground mpaka Red Lions, timu ya asilikali a pa Cobbe Barracks pompa, kumakasewera magemu a pakhomo ku Balaka ngati alendo. Mu 2021 Flames yeniyeniyo inakasewera magemu a pakhomo a World Cup ku Johannesburg poti CAF inakana mabwalo athu. Ndiye wolipira ndi wina, wolamula ndi wina, zikalakwika aliyense amaloza mnzake, FAM imati bwalo si lathu, boma limati mpira si wathu. Ofuna mpando akamalonjeza masitediyamu muziwafunsa kuti pa malo a ndani, ndi ndalama za ndani.

Ena amati vuto litha tikangoyika munthu amene anaumenyapo mpira. Zimamveka bwino mu minibasi koma mbiri siyikuvomereza kwenikweni. Nyamilandu mwiniwakeyo anali difenda wa Wanderers ndi Flames asanakhale bwana ku Illovo ndi ku FAM. Kalusha Bwalya, wosewera wamkulu kwambiri amene Zambia inabalapo, anatsogolera FAZ kuyambira 2008, Chipolopolo inatenga AFCON mu 2012 iye ali pampando, koma mu 2016 anagwa kwa Andrew Kamanga, munthu wa bizinesi, ndi mavoti 163 kwa 156. Samuel Eto'o anawina ku Cameroon mu Disembala 2021 anthu kuvina m'misewu, koma pambuyo pake panabuka mikangano ndi unduna wa zamasewero pa nkhani ya kochi. Chitsanzo chowawa ndi cha Didier Drogba. Dziko lonse la Ivory Coast likanati livote akanawina m'mawa kusanatenthe, koma mu Epulo 2022 ovota anali makalabu ndi magulu a mpira, ndipo anathera pa nambala 3, kutuluka mu raundi yoyamba, mpando n'kupita kwa Idriss Diallo. Ovota sanafunse kuti anagoletsa zingati ku Chelsea, anafunsa kuti zaka zonsezi pamene ife timavutika ndi ligi unali kuti. Haiya naye sanadziwike ndi kusewera, anadutsira mu maofesi, ku Bullets kenako ku SULOM, ndipo njira imeneyo ndi imene imakudziwitsa ovota.

Nkhani ya zaka zokhala pampando nayo imavuta paliponse. Chiphulikireni milandu ya katangale ya 2015 imene inagwetsa Blatter, FIFA inakhazikitsa mu 2016 malire a materemu atatu a zaka zinayi, ndipo yakhala ikukankha mamembala ake kuti achite chimodzimodzi. Koma funso limakhala loti tiyambe kuwerenga liti. Pafupifupi aliyense amene lamulo lamupeza ali pampando amati zakale sizikuwerengedwa. Gianni Infantino yemwe, FIFA inagamula kuti zaka zake zoyamba, 2016 mpaka 2019, si teremu yathunthu poti amamalizitsa ya Blatter. Ngati likulu likuwerenga choncho musadabwe ndi nthambi. Kuno Nyamilandu analowa mu 2004, mwana wobadwa chaka chimenecho anali atalemba kale MSCE pomwe mkuluyu amachoka, ndipo sanachotsedwe ndi lamulo la malire koma ndi bokosi.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu nchoganiza kuti zotsatira za pabwalo ndi zimene zimagamula. Tayang'anani. Flames yapita ku AFCON katatu, 1984, 2010 ndi ija ya 2021 imene inaseweredwa mu Januwale 2022, ndipo maulendo awiri omalizawo anali mu nthawi ya Nyamilandu. Ku Angola tinathira Algeria 3-0 Kinnah Phiri ali kochi, ku Cameroon tinamenya Zimbabwe 2-1, kulepherana ndi Senegal 0-0, n'kufika mu 16 omaliza koyamba, Gabadinho Mhango n'kuponya chija cha patali kwa Morocco chimene mpaka lero ana amayeserera pa bwalo la Police. Mu Okutobala 2023 Scorchers inatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1, Temwa Chawinga akuwotcha. Patangotha miyezi iwiri mkulu wa bungwe anagwa. Pomwe zaka zina Flames ili mu chipululu, ikuluza ndi aliyense, makochi akusinthidwa chaka ndi chaka, anawina mosavuta. Ovota amayang'ana zina, ndalama zikufika bwanji ku ma afiliyeti, akumvedwa kapena ayi, ndani walonjezedwa chiyani, komanso kutopa chabe, poti zaka 19 ndi zambiri ndipo amene unawakhumudwitsa amachulukana chaka ndi chaka. Phokoso la masapota limathandizako, nthumwi nazo zimakhala m'makwalala momwemu ndipo sizifuna kulozedwa zala, koma phokoso lokha silinachotsepo munthu.

Ndiye tingowonjezera ovota? Maganizo amenewa amabwera kawirikawiri, kuti makalabu a Super League aliyense akhale ndi voti yake, maboma alowe mwachindunji, osewera akhale ndi bungwe lovota, mpira wa amayi umene panopa ndi umene ukutinyamula upatsidwe zoposa ziwiri. Ine ndimagwirizana nazo zambiri mwa izi, makamaka ya amayi, chifukwa nzovuta kufotokoza kuti mbali imene yatulutsa Tabitha ndi Temwa ikhale ndi mphamvu yofanana ndi mpira wa pamchenga. Koma kuchuluka kokha si mankhwala. Zambia ija inali ndi ovota opitirira 300 mu 2016 ndipo panali madandaulo a matimu ongokhala pa pepala amene amadzuka nthawi ya chisankho yokha, mpaka anasintha malamulo n'kuchepetsa, pofika 2021 ovota sanakwane 100. Ukatsegula chitseko kwambiri munthu wandalama amalembetsa matimu khumi a mayina okhaokha. Ukatseka kwambiri anthu amagulika onse pa chakudya chamadzulo chimodzi. Pakati pake pamafunika kaundula woona wa matimu amene akuseweradi, ndi ma afiliyeti amene amapanga zisankho zawo poyera, pa nthawi yake, ndi malipoti a ndalama amene membala wamba atha kuwaona.

Kwa ife a kuno pali chatsopano choti tichiyang'anitsitse. Mu 2023 Zomba inali pansi pa bungwe la kummwera, kumene mawu athu amamira pakati pa Blantyre ndi maboma ena onse mpaka ku Nsanje. Panopa chigawo cha kummawa chili ndi bungwe lakelake, Eastern Region Football Association, ndi ligi yake, zimene zachepetsa maulendo ataliatali amene amapha matimu osauka. Koma kubadwa kwa afiliyeti si nkhani ya thiransipoti yokha, ndi nkhani ya mavoti, chifukwa membala watsopano akalowa masamu aja a 36 ndi 19 sakhalanso chimodzimodzi, ndipo aliyense wofuna mpando pa chisankho chikubwerachi, chimene mwa kalendala ya zaka zinayi chikugwera mu 2027, adzayenera kudutsa ku Zomba, Machinga, Balaka ndi Mangochi atavula chipewa. Amene adzakhale m'komiti ya chigawo chathu nthawi imeneyo adzasankhidwa kale chisankho chachikulucho chisanafike, pa msonkhano umene mwina sudzamveka pa wailesi, ndipo mkulu wa ku Songani uja kalata yomuitana idzamupeza ali kuseri kwa kauntala akuyeza misomali.

Kusintha kulikonse kwa malamulo a FAM, kaya kuwonjezera ovota, kaya kupereka voti kwa makalabu, kaya kukhwimitsa malire a materemu, kumadutsa pa msonkhano waukulu wa bungweli, FIFA itaona kaye zolembazo, ndipo kumafuna mavoti ochuluka kuposa ongopyola theka. Okweza manja pa msonkhano umenewo ndi nthumwi za ma afiliyeti omwe aja, kutanthauza kuti bungwe la mavoti awiri likupemphedwa kuvomereza kuti mavoti ake awiriwo achepe mphamvu.